Botolo Limene Ndinalowa Nalo ku Khwawa

Ku Khwawa salowa ndi madzi. Lamulo limeneli ndinalidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndipo ndinaliswa ndili mayi wa mwana mmodzi, ndikudziwa bwinobwino chimene ndinkachita. Tsopano ndakalamba, ondiimba mlandu onse anatsogola, ndiye palibe chifukwa chodzikometsera.

Mudzi wathu unali m'munsi mwa mapiri a Chongoni, dziko lozizira, kumene nthawi ya chisanu nkhungu imagona pabwalo mpaka dzuwa litakwera. Koma munthu akanyamuka m'mawa, n'kukwera mtunda wa misuku, n'kutsetserekera mbali inayo, amapeza dziko lina ndithu. Nthaka inang'ambika pakati pa makoma awiri a matanthwe, ndipo pansi pake pali mchenga ndi miyala yokhayokha. M'dzinja madzi amathamangamo tsiku limodzi kapena awiri, ofiira, akukokolola mitengo, kenako zii. Miyezi ina yonse m'menemo mumatentha ngati m'ng'anjo. Malowo analibe dzina lina, tinkangoti ku Khwawa.

Amayi anga anakhala theka la utsikana wawo m'menemo. Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, anthu a mudzi wathu ankathawira m'mapanga a ku Khwawa, ndipo adani sankavutika n'kuwatsatira, poti ankadziwa kuti kulibe madzi, ludzu liwatulutsa lokha. Chimene sankadziwa n'chakuti kunali kasupe mmodzi wobisika mumchenga, amene ankamwetsa mudzi wonse. Kasupeyo anali m'manja mwa akazi a mbumba yathu. Chaka chilichonse akatha kukolola ankapitako ndi makasu kukachotsa mchenga ndi miyala imene madzi a dzinja aunjika pakamwa pake. Malo ake sankauza mwamuna kapena mlendo. Mayi ankaonetsa mwana wake wamkazi, mwanayo akabereka, basi. Polowa, chipanda chinkalowa chopanda kanthu, kukamwa kwake kutaloza pansi. Amayi ankati kasupe ndi wansanje ngati mkazi wamkulu, akaona madzi a kwina amabisala.

Kenako kunabwera mzungu wina wa za mitengo, atanyamulidwa pa machila. Anazungulira phiri masiku angapo, anthu ake akusenda makungwa a mitengo n'kupakapo njereza. Anati kuyambira pa mitengo yopakidwayo kupita mkati, nkhwangwa isalowe, moto usalowe, khasu lisalowe, chifukwa mapiri amenewa ndiwo mutu wa mitsinje. Wofuna kukaona malo apite ndi mlonda, ndipo atuluke chimanjamanja monga analowera. Khwawa lonse linagwera mkati. Za kasupe palibe anamuuza, nanga akanamuuza ndani poti amuna sankadziwa ndipo akazi sanafunsidwe. Ulondawo unagwera atsibweni anga, mlongo wamng'ono wa amayi. Anawapatsa chipewa chofiira ndi lamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyenda ngati ameza mtengo. Sanali munthu woipa. Anali wamantha, ndipo chipewacho ankachikonda kwambiri.

Madzinja asanu anadutsa khasu lisanakhudze mchenga wa ku Khwawa. M'zaka zimenezo nthomba inadutsa m'mudzi n'kutenga amayi aang'ono awiri amene ankadziwa malowo. Anatsala amayi okha, ndipo mwana wawo wamkazi ndinali ine ndekha. Ndiyeno maso awo anayamba kuchita ng'ala. Chaka chimene ndinabereka, ankandizindikira ndi kayendedwe, nkhope ayi. Aliyense m'banja ankadziwa chimene zimenezi zinkatanthauza: amayi akapanda kundionetsa kasupe chaka chimenecho, ndiye kuti wapita mpaka kalekale.

Ine ndinali nditaphunzira pang'ono kusukulu ya mishoni, ndipo amuna anga anali mphunzitsi wa ana m'mudzi momwemo. Ndinali ndi mtudzu wa anthu ongodziwa kumene kuwerenga. Sindinkanyoza kasupe, ayi, ndinkafuna ndithu kumudziwa, poti chinali cholowa changa. Koma zoti madzi angachitire nsanje madzi anzake, mumtima ndinkaseka.

Titangomaliza kututa chimanga, amayi anapita kwa atsibweni kukapempha kuti atiperekeze. Atsibweni anati tidikire mzungu adutse kaye. Mzungu anadutsa. Anati tidikire akamalize kulambula njira yotchinga moto. Anamaliza. Chisanu chinatha, mphepo inatha, mitengo ya m'phiri inaphuka masamba ofiira, dzuwa la chilimwe linafika. Tsiku lina amayi anandigwira dzanja kuti ndiwatsogolere, n'kukaima pakhomo pa mlongo wawo.

"Iwe," anatero, "ndinakubereka kumsana m'khwawa muja, uli ndi mphere thupi lonse, ukundikodzera. Lero ukundiuza za chipewa?"

"Alongo, si ine ayi, ndi lamulo," atsibweni anayankha, akuyang'ana pansi.

"Lamulolo lili ndi maso ondibwereka chaka cha mawa?"

Atsibweni anakanda kumutu mkati mwa chipewa. Anavomera kuti tipite mkucha, koma khasu ayi. Akationa ndi khasu, ntchito yawo yatha. Amayi anati palibe kanthu, Mulungu anatipatsa timakasu khumi kumanjaku.

Dzulo lake la ulendowo amuna anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anati nyengo yapita, akazi akale ankapita nthawi yozizira, ndipo ine ndikuyamwitsa, ludzu silichedwa kugwira mayi woyamwitsa. Sanandiuze chochita, ndisawanamizire. Maganizo anali anga. Ndinali ndi botolo limodzi lopanda kanthu, limene linabwera ndi mankhwala kuchokera kumishoni, ndipo ndinkalisunga ngati chuma, poti m'mudzi monse mabotolo anali owerengeka. Ndinalitsuka, ndinalidzaza ndi madzi a pachitsime chathu cha kudambo, n'kutseka ndi chitsononkho. M'mawa ndinalimanga pamimba ndi luzi, mkati mwa nsalu. Mwana ndinamusiya kwa akazi a atsibweni pamodzi ndi kamphika ka phala.

Tinanyamuka atatu, atsibweni patsogolo, amayi atagwira phewa langa. Pamtsinje womaliza, pafupi ndi mitengo ya njereza, amayi anati timwe mpaka mimba zilire. Tinamwa. Kenako anakhuthula chipanda, n'kuchigwedeza, n'kuchilozetsa pansi. Anapisa dzanja mudengu langa, anapapasa mbatata zootcha imodziimodzi, anakhutira. Pamimba sanandigwire. Mtima unkagunda moti ndinkaganiza kuti botolo lilira.

Njira yotsikira inali itafafanizika. Tinkatsetsereka chokhala pansi m'malo ena, ine ndikuika phazi la amayi pamwala ndi dzanja langa, lina pambuyo pa linzake. Tikutsika choncho, mphepo ya kumtunda inatisiya. Misuku inatha, panatsala nkhadze zomera m'ming'alu ndi tizitsamba taminga topanda tsamba. Titaponda mchenga wa pansi, unandiwotcha kuphazi mpaka ndinadumpha ngati mwana.

Ndinene zoona, malo aja ndi okongola, ndipo kukongola kwake kunandiopsa. Makoma a mwala anakwera mbali zonse ziwiri, ofiirira, okhala ndi mizere yakuda kumene madzi amatsikira m'dzinja, ndipo kumwamba kunatsala kochepa ngati nsalu yoyanika. Mbira zinkatiyang'ana zili pamiyala osathawa, poti zinali zitaiwala munthu. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Nyani mmodzi wamkulu anatikuwiza ali pamwamba, mawu ake n'kubwerera kawiri. Panalibe chitsa chatsopano, panalibe phulusa, panalibe phazi la munthu. Atsibweni anaima n'kuyang'ana uku ndi uku monyadira, ngati anazilenga ndi iwo.

Amayi anasintha titangofika pansi. Anasiya phewa langa n'kuyamba kuyenda atatsamiza dzanja kukhoma la mwala, akuyankhula okha. Anandionetsa phanga limene ankagona, denga lake lakuda ndi utsi wakale, ndi khoma lina lokhala ndi zojambula zoyera za akazi a chinamwali. Apo anauza atsibweni kuti ayang'ane kumbali, ndipo iwo anamvera, chipewa ndi lamba zili pomwepo. Amayi ankaseka, ankatchula anthu amene ine sindinawaone, uyu ankasinja apa, uyu anabereka mapasa apo. Sindinawaonepo akusangalala choncho chiyambire vuto la maso.

Anandiuza kuti zizindikiro ndi zitatu. Choyamba ndi thanthwe looneka ngati mtondo wogwa. Chachiwiri ndi mkuyu wogwira khoma ndi mizu yake. Chachitatu adzandionetsa tikafika. Ndinafunsa ngati atsibweni, mwamuna, sakuswa lamulo pobwera nafe. Amayi anati ameneyo kasupe amamudziwa, ankabwera ali kumsana, koma akakhale patali atafulatira.

Thanthwe la mtondo tinalipeza dzuwa lili pamutu. Amayi analisisita ngati mwana. Kuchokera apo anawerenga mapazi mokweza, ine ndikubwereza pambuyo pawo kuti ndisunge, mpaka anaima n'kutambasula dzanja kuti agwire mkuyu. Dzanja linagwira mphepo.

"Uli kuti mtengo?" anandifunsa.

Ndinayang'ana khoma lonse. Panalibe mtengo. Panali mizu youma iwiri kapena itatu yolendewera m'mng'alu, ina apa, ina patsogolo pang'ono, ndipo sindikanadziwa kuti ya mkuyu ndi iti. Madzi a dzinja lina anali atauzula n'kupita nawo. Ndinawauza. Anayamba kupapasa khoma m'mwamba, kufunafuna kashelefu ka mwala kamene ankaikapo chikho. Anati kanali kofika paphewa. Tinakafuna nthawi yaitali. Ndinakapeza ine, nditapunthwa nako chala cha kuphazi. Kanali pansi penipeni, m'kakolo. Mchenga wa madzinja asanu unali utakwera msinkhu wa munthu.

Amayi sanagwe mphwayi. "Madzi saiwala khwawa," anatero, n'kugwada, n'kuomba m'manja katatu, n'kupereka moni kwa kasupe monga amaperekera kwa apongozi. Anatchula amayi awo, anatchula agogo awo, ananditchula ine kuti ndabwera ndi mwana wanu uyu, wabereka, mumudziwe. Ine ndinagwada pambali pawo, botolo likundikanda pamimba.

Tinayamba kukumba ndi manja. Mchenga wa pamwamba unali wotentha, wa pansi wofunda, koma wouma, ndipo ukachotsa dzanja limodzi, awiri amagumukira momwemo. Tinagwiritsa ntchito mwala wopyapyala ndi dengu. Zikhadabo zinathyoka. Mawere anga anali atadzaza, akupweteka, mkaka ukunyowetsa nsalu. Titafika m'mawondo, amayi ananunkhiza mchenga, anaulawa, n'kunena kuti talakwa pang'ono, tisunthire kumanja.

Dzenje lachiwiri atsibweni sanapirire. Anatembenuka okha osaitanidwa, anaima kanthawi akutiyang'ana, kenako anapita pakamtengo kena kamoyo n'kuthyola nthambi yaikulu. Munthu amene anakokera anzake kubwalo chifukwa cha mtolo wa nkhuni! Anavula chipewa, anachiika pamwala, n'kulowa m'dzenje. Amayi anamva kuthyoka kwa nthambi koma anangopitiriza kukumba. Tinakumba atatu mpaka m'chiuno. Panthawi ina mchenga unada pang'ono, ndipo njuchi ziwiri zinabwera n'kuterapo. Ndinakuwa ndi chisangalalo. Tinakumba mwamphamvu, koma pansi pake tinapeza mwala wosalala, wouma, waukulu kuposa dzenje lathu.

Dzuwa linali litapendeka, koma kutentha kunali kukutuluka m'makoma. Ine lilime linali litalemera. Ndinkaganiza za botolo mphindi iliyonse, ndipo ndikuvomera kuti kawiri ndinafuna kupita kuseri kwa mwala ngati ndikukadzithandiza, kuti ndikamwe ndekha. Chinandiletsa si ubwino ayi, anali mantha kuti amayi amva chitsononkho chikutseguka, poti makutu awo anali akuthwa kuposa a mphaka.

Amayi anatuluka m'dzenje n'kunena kuti tiyese kumanzere kwa kashelefu, poti chizindikiro chachitatu chili pansi pa khoma ndipo akachigwira achidziwa. Anayenda mapazi atatu n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Ndinaganiza kuti akupuma. Nditawagwira, thupi linali lotentha koma lopanda thukuta ngakhale dontho. Milomo inali itang'ambika. Anayamba kundiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ndi nthomba, kundiuza kuti nditontholetse mwana, adani ali pamwamba. Kenako mutu unagwera paphewa.

Tinawakokera pamthunzi wa khoma. Atsibweni ankawakupiza ndi chipewa chija, akulira ngati mwana, akuti alongo, alongo. Anati athamange kumtsinje womaliza uja ndi chipanda. Tonse tinkadziwa kuti kupita ndi kubwera dzuwa likhala litalowa, ndipo amayi sakanafika nthawi imeneyo ali moyo.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chachiwiri, chimene chimandichititsa manyazi kuposa choyamba. Kulowa ndi botolo ndingathe kukufotokoza. Koma sindinangolitulutsa n'kuwamwetsa. Ndinatenga chipanda, ndinalowa m'dzenje lachiwiri lija, ndinamasula luzi, n'kukhuthulira madzi m'chipanda ndili pansi pomwepo. Ndinakanda mchenga mwadala kuti zimveke. Nditadzutsa mutu ndinapeza atsibweni ataima pamwamba akundiyang'ana. Anaona botolo. Anatembenuka n'kubwerera kwa amayi.

"Amayi, atuluka!" ndinakuwa. "Madzi atuluka!"

Ndinawanyowetsa milomo ndi chala, kenako ndinawamwetsa pang'onopang'ono, mutu wawo uli pamwendo panga. Poyamba madzi ankangotsika m'mbali mwa kamwa. Kenako kukhosi kunayenda. Anamwa, anapuma, anamwanso. Otsala pang'ono ndinawapaka kumaso ndi pakhosi. Tinakhala choncho nthawi yaitali, mthunzi ukukula, mpaka anatsegula maso awo oyerawo n'kunditchula dzina langa lenileni. Ndinathokoza Mulungu mokweza, ndipo ndinaganiza kuti ndapambana mbali zonse ziwiri.

Anapempha chipanda. Munali mutatsala madontho. Anachipendeketsa, anasunga madonthowo mkamwa osameza, ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo.

"Madzi a kasupe amapweteka mano," anatero pang'onopang'ono. "Ngakhale chilimwe chitakula bwanji, amapweteka mano. Awa ndi ofunda ngati mkaka wa m'mawere."

Ananunkhiza chipandacho.

"Ndipo akununkha dothi la kudambo kwathu. Unawabisa pati, mwanawe?"

Ndikanatha kukana. Atsibweni sakanandiulula. Koma dzanja la amayi linali kale pamimba panga, pamene luzi linasiya mzere, ndipo linapeza botolo limene ndinalibwezera mwachangu m'nsalu. Analigwira, analiyendetsa zala kuyambira kukamwa mpaka pansi, n'kulisiya.

"Ndiye ndakhala ndikumupatsa moni kasupe, ndikumutchulira amayi anga, iwe uli ndi ichi pamimba?"

"Amayi, mukanafa," ndinatero.

"Ndikanafa ndi chiyani? Akanatuluka dzenje loyamba lomwe lija. Anakuona ukutsika."

Pamenepo mtudzu wanga unadzuka, ndipo ndinayankhula zimene mwana sayankhula kwa mayi wake amene wangotsitsimuka kumene. Ndinati kasupe sanabisale, wakwiririka. Ndinati mchenga ndi wa msinkhu wa munthu, mkuyu unapita, tabwera opanda khasu m'nyengo yolakwika chifukwa cha mantha a mlongo wawo, ndipo zonsezi akufuna kuzisenzetsa kabotolo kamodzi. Ndinati madzi alibe maso. Atsibweni anandigwira mkono kuti ndikhale chete, ndinawakankha. Mawu anga ankabwerera kuchokera kumakoma, ndipo ndinkadzimva ndekha kachiwiri mmene ndinaliri wamwano.

Amayi anadikira mpaka nditamaliza. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Iwe," anaitana atsibweni, "ndidzutse."

Ndinagwada patsogolo pawo. Ndinapempha kuti tiyese kumanzere kuja, kamodzi kokha, botolo ndilitaya kutali, ndiliswa. Ndinapempha kuti angondigwira dzanja andionetse chizindikiro chachitatu ngakhale tisakumbe. Panali pafupi, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamene anakhala.

"Lero ayi," anatero. "Ndingamuonetse bwanji kwa munthu amene wamunyoza kawiri tsiku limodzi?"

Tinakwera dzuwa likupita kukalowa. Atsibweni anawabereka kumsana m'malo otsetsereka, ndipo poyenda okha amayi ankagwira phewa la mlongo wawo. Ine ndinali pambuyo ndi dengu ndi chipanda chopanda kanthu. Atsibweni anabwerera pang'ono kukakwirira maenje athu ndi mapazi ndi kubisa nthambi yothyoka ija, kuti mzungu asadzaone. Pamtsinje womaliza tinagwa chafufumimba n'kumwa ngati ng'ombe. Amayi anamwa ndi manja awo, anakana chipanda chimene ndinawapatsa.

Kumudzi sanauze munthu za botolo. Ofunsa ankawayankha kuti sitinamupeze, basi. Anandisungira ulemu umenewo, ndipo unandipweteka kuposa kundiyalutsa pabwalo. Anadwala milungu iwiri, anachira. Ankadya zophika ine, ankalera mwana wanga, ankandiseka za ndiwo zanga zopanda mchere monga kale. Koma ndikangoyamba kutchula ku Khwawa, ankayamba kuimbira mwana nyimbo.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti tidzapitanso pokolola, nthawi yozizira, ndipo ndidzalowa wopanda kanthu ngati khanda. Ndinagwirizana kale ndi atsibweni kuti khasu adzalibisa okha m'khwawa dzulo lake, chipewa chipite ngati chikupita. Koma mvula ya chaka chimenecho isanathe, ng'ala inatseka maso onse awiri, ndipo miyendo inayamba kutupa. Pofika nthawi yotuta, amayi sankatha kufika ngakhale kudambo.

Tsiku lina tikutongola chimanga pakhonde, awiriwiri, ndinawapempha komaliza. Ndinati mtondo ndikuudziwa, mapazi ndinawasunga, kashelefu ndinakapeza ndekha. Angondiuza ndi pakamwa chizindikiro chachitatu, ndidzapita ndekha kukafuna.

Anapitiriza kutongola kanthawi. Kenako anati, "Sindikukumana chizindikirocho, mwana wanga. Mkwiyo unatha kalekale. Koma chimenecho sachinena. Amayi anga sanandiuze, anangondigwira dzanja n'kuliika pamwala, ine n'kumva. Ndikati ndichinene, sindikudziwa kuti ndinganene kuti chiyani."

Ndinatambasula dzanja langa n'kuwapatsa, ngati chitsiru, ngati khonde lathu lingasanduke khoma la ku Khwawa. Analigwira, analitembenuza, anasisita zikhadabo zimene zinali zitameranso, n'kuliikamo chimanga china choti nditongole.

Anamwalira patapita madzinja awiri. Ine ndinapitako kawiri pambuyo pake, nthawi yozizira, chipanda chitaloza pansi, ndipo ulendo wachiwiri ndinali ndi khasu. Ndinakumba kumanzere, ndinakumba kumanja, ndinapapasa khoma lonse mpaka zala kutuluka magazi. Mwala uliwonse unkamveka ngati mwala.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti unali mchenga, osati nsanje. Ndimadziwanso kuti popanda botolo lija ndikanawasiya amayi m'khwawa, ndipo nditati ndibwerere tsiku lija ndingalimangenso pamimba. Zimenezi sizindithandiza. Ndikanangotseka pakamwa panga atandigwira bodza, ndikanangolira n'kupepesa, mwina akanandigwira dzanja mapazi asanu aja.

Mwana wanga wamkazi atabereka mwana wake woyamba, anabwera kudzakhala pambali panga, wakhanda ali m'manja. Anali atamva kwa akazi achikulire kuti mbumba yathu ili ndi chake ku Khwawa, ndipo nthawi yake yakwana. Anandifunsa kuti tipita liti. Ndinamuuza kuti ndikhoza kumufikitsa pa thanthwe la mtondo ndi pa kashelefu ka chikho, koma kupitirira apo sindikudziwa.